Ntchito yakuitanani kutali: nanga galu atsala ndi ndani?

Kalata ya ntchito ikafika, banja limayamba kuwerenga katundu: matiresi, mapoto, njinga, matumba a chimanga, mapepala a ana a sukulu. Galu amakumbukiridwa tsiku lonyamuka, galimoto itaima kale pakhomo. Nthawi imeneyo mpata woganiza bwino palibenso. Wina amangouza mwana wa nyumba yoyandikana kuti, "Uzimuponyerako nsima." Wina sanena kanthu. Galimoto imanyamuka, galu n'kuithamangira mpaka kutopa.

Kusamuka chifukwa cha ntchito si kwachilendo kwathu kuno. Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amasamutsidwa kuchoka boma lina kupita boma lina. Migodi ikuluikulu ya malasha itayamba kugwira ntchito ku Moatize m'chaka cha 2011, anthu ambiri anachoka kumidzi kukafuna ntchito kumeneko ndi mumzinda wa Tete. Pasukulu yophunzitsa aphunzitsi imene ndimagwirapo ntchito, chaka chilichonse timatsanzikana ndi anthu opita kumalo kumene sanapondeko. Amafunsa za nyumba, za madzi, za msika ndi za netiweki ya foni. Za galu safunsa, ngakhale ena mwa iwo ali naye pakhomo.

Njira zabwino zilipo ziwiri zokha. Galu apite nanu, mwini nyumba yatsopano atavomera. Apo ayi, atsale m'manja mwa munthu wodziwika amene wavomera ndi pakamwa pake kumusunga. Zonsezi zimafuna masiku angapo, choncho yambani kuziganizira tsiku limene mwalandira kalata.

Nyumba ya renda si nyumba ya kumudzi

Kumudzi bwalo ndi lanu. Galu amalondera nkhokwe ndi khola, amathamangitsa anyani kumunda, usiku amagona pakhonde. Palibe amene mumamupempha chilolezo. Mutauni zinthu n'zosiyana. Munthu wongofika kumene kawirikawiri amapeza chipinda kapena kanyumba ka kuseri, kamene pa Chipwitikizi amati dependência. Mpanda umodzi, kapena kuti quintal, mumakhala mabanja atatu mwina anayi. Mpopi ndi umodzi, chimbudzi chimodzi, ana a onse amasewera pabwalo lomwelo.

N'chifukwa chake eni nyumba ambiri amakana galu, ndipo sikuti ndi nkhanza ayi. Wina amaopa kuti mwana alumidwa. Wina ali ndi nkhuku ndi abakha. Wina amaganizira anthu ogwira ntchito usiku amene amafuna kugona masana. Enanso chipembedzo chawo sichiwalola kukhala ndi galu pafupi ndi nyumba. Komano alipo eni nyumba amene amakondwera naye, makamaka kumene mbava zimavuta, bola mpanda ukhale wolimba.

Choncho funsani musanapereke ndalama iliyonse. Musadalire mawu a mnyamata wokupezerani nyumba, chifukwa iye amafuna kuti mulowe msanga alandire zake. Lankhulani ndi mwini nyumba weniweni. Mutha kunena chonchi: "Bambo, ndili ndi galu mmodzi, wamwamuna, wa zaka ziwiri. Analandira katemera, khadi lake ndi ili. Masana ndizimutsekera, usiku aziyenda mumpanda. Kodi mungalole?" Mawu otere amamuthandiza mwini nyumba kuona kuti mwaganizira anthu ena. Kubisa galu, n'kubwera naye usiku mutalowa kale, kumathera pa mkangano. Ndipo amene amaluza ndinu, chifukwa mwalipira kale renda ndi ndalama ya chikole, imene amati caução.

Akavomera, pemphani kuti zilembedwe. Apa ndipo pamene kuphunzira kwanu kumagwira ntchito. Pangano la nyumba limatchedwa contrato de arrendamento. Mwini nyumba amalembedwa kuti senhorio, inu mumalembedwa kuti inquilino. Mzere umodzi ndi wokwanira, ndipo mutha kuukopera m'kope mwanu lero lomwe: O senhorio autoriza o inquilino a ter um cão no quintal. Tanthauzo lake n'lakuti mwini nyumba walola wobwereka nyumba kukhala ndi galu mmodzi mumpanda. Onetsetsani mawu akuti um cão. Amenewo ndi galu mmodzi. Galu wanu akakhala wamkazi, kambiranani za ana ake nthawi yomweyo, chifukwa bere la galu limatenga miyezi iwiri yokha.

Ngati kuwerenga Chipwitikizi kukadali kovuta, musachite manyazi. Pemphani munthu amene mumamukhulupirira akuwerengereni pepala lonse mokweza, osati mbali imene mwini nyumba waloza yokha. Musasaine kapena kudinda chala pa mawu amene simunawamve. Mboni ikhalepo, monga chefe de quarteirão kapena secretário do bairro. Mapepala akhale awiri, lina lanu, lina la mwini nyumba. Mawu a pakamwa amaiwalika, makamaka nyumba ikapita m'manja mwa mwana kapena m'bale wa mwini wake.

Dziwaninso kuti chilolezo cha mwini nyumba sichichotsa udindo wanu. Buku la malamulo lotchedwa Código Civil, pa artigo 502, limaika mlandu pa munthu amene amapindula ndi chiweto, chiwetocho chikawononga za ena. Galu wanu akaluma mwana kapena kupha mbuzi ya mnzanu, wolipira ndinu. Mizinda ilinso ndi malamulo akeake otchedwa posturas. Mukafika, funsani ku município zimene amanena pa agalu.

Ulendo ndi kutentha

Musananyamuke, pitani ku ofesi ya boma yotchedwa SDAE, Serviço Distrital de Actividades Económicas. Kumeneko kuli alangizi a ziweto. Afunseni za katemera wa chiwewe, matenda amene pa Chipwitikizi amati raiva, ndi za mapepala ofunika poyenda ndi chiweto. Galu amayamba kulandira katemerayu akakwana miyezi itatu, ndipo abwerezedwe chaka chilichonse. Khadi la katemera lisungeni pamodzi ndi mapepala anu ofunika. Ngati ntchito ili kutsidya la malire, monga ku Malawi podzera pa Calómuè kapena pa Zóbuè, funsani msanga ndithu, chifukwa kuoloka malire ndi chiweto kumafuna chilolezo.

Galu wokulira ku Angónia anazolowera mphepo yozizira ya kumapiri. Kuchoka ku Ulónguè kutsikira ku Tete ndi ulendo wa makilomita opitirira 200, ndipo ku Tete miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kupyola madigiri 40. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu. Amadziziziritsa popuma wefuwefu, lilime lili kunja. Mukamuika m'thumba, kapena mukamumanga kukamwa ulendo wonse, akhoza kufa musanafike. Mupangireni bokosi la matabwa lolowa mpweya mbali zonse. Nyamukani m'mamawa, tengani madzi, ndipo musamukhutitse nsima asanakwere galimoto, chifukwa amasanza. Kunyumba yatsopano mupezereni mthunzi wa tsiku lonse. Mthunzi wa m'mawa si wa masana, dzuwa limayenda.

Akakana, kapena malo akachepa

Nthawi zambiri yankho limakhala lakuti ayi. Ine ndimaona kuti galu wamkulu, wozolowera kuyenda kumunda, amakhala bwino kutsala kumudzi kusiyana ndi kukamangidwa pa unyolo waufupi kuseri kwa chipinda. Galu womangidwa usana ndi usiku amauwa kwambiri ndipo amayamba ukali. Kumusiya m'manja abwino si kumutaya.

Koma manja abwino ndi ati? Mwana sangalandire galu, chifukwa ufa si wake. Lankhulani ndi mutu wa banja, komanso ndi mayi wa pakhomopo, popeza ndi iye amene adzaonjezere ufa mumphika. Afunseni mwaulemu: "Amalume, kodi mukhoza kumusunga mpaka kalekale, kapena kwa miyezi ingapo?" Funsoli n'lofunika. Abale ambiri amakangana pambuyo pake, wina akuti ndinakubwereka, wina akuti unandipatsa. Ngati akungokusungirani, gwirizanani zoti muzitumiza kangachepe ka chakudya pa M-Pesa kapena e-Mola. Ngati mwawapatsiratu, perekani ndi khadi la katemera lomwe, ndipo mfumu kapena chefe de dez casas adziwe kuti galu uja tsopano ndi wa uje.

Nenani zoona zokhudza galuyo. Ngati amagwira nkhuku, nenani. Ngati analumapo munthu, nenani. Munthu wopatsidwa galu mosadziwa khalidwe lake amamuthamangitsa tsiku limene nkhuku yoyamba yasowa.

Musadikire tsiku lomaliza. Yambani kupita naye kunyumba yatsopanoyo kukadali milungu iwiri kapena itatu. Mwini wake watsopano ndiye azimupatsa chakudya, ndipo azimuitana dzina lomwe analizolowera. Mupititseni ndi mbale yake ndi chiguduli chimene amagonapo, chifukwa galu amadziwa kwawo ndi fungo.

Chifukwa chachikulu chochitira zonsezi ndi chiwewe. Galu wosiyidwa amayamba kufuna chakudya kumsika, kudzala ndi kusukulu. Amamenyana ndi agalu ena, amaberekana mopanda malire, ndipo tsiku la katemera palibe womugwira kupita naye kwa alangizi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene pa Chipwitikizi ndi OMS, limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu, ndipo mwa anthu 10 alionse, 4 ndi ana osafika zaka 15. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 alionse m'dera akalandira katemera, matendawa amaleka kufala. Galu aliyense wopanda mwini amachepetsa chiwerengero chimenechi. Tsiku la 28 Seputembala linaikidwa kuti dziko lonse lizikumbukira za matendawa, koma katemera safuna kudikira tsikulo.

Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Musadikire kuti muone ngati adwala. Zizindikiro za chiwewe zikaoneka, mankhwala ochiza palibenso. Achipatala amafunsa kuti galu ndi wa ndani, ndiponso ngati analandira katemera. Galu wa mwini amatha kutsekeredwa n'kumuyang'anira masiku 10. Galu wosiyidwa ndi munthu amene ali ku Moatize palibe angamuyankhire.

Galu amene mwamupereka akhoza kubwerera kunyumba yakale, ngakhale itakhala kutali ndithu. Amakagona pakhomo lotseka, kudikira. Choncho mwini wake watsopano amusunge mumpanda kapena pa chingwe chachitali masiku oyambirira, pamthunzi, madzi ali pafupi. Anthu oyandikana ndi nyumba yakale, ndi amene adzalowe m'nyumbamo, auzeni kumene galu wapita. Asiyireni nambala ya foni ya mwini wake watsopano, kuti akamuona amuitane adzamutenge, m'malo momugenda miyala.