Wi-Fi ya pakhomo yomvera ulaliki, bandulo osatha msanga

Ku Nkando, monganso m'madera ena a Mulanje, kuli agogo ndi odwala amene sangathenso kuyenda kukafika ku tchalitchi. Ifeyo ophunzira tikhoza kuwathandiza kumva ulaliki wa Adventist World Radio kapena nyimbo za kwaya pa intaneti. Ambiri amaopa mtengo, koma mawu okha sadya data yambiri ngati netiweki ya pakhomo yakonzedwa bwino.

Pamafunika MiFi kapena rauta yolowa simukhadi ya TNM kapena Airtel, foni yomvera, ndi sipika ya Bluetooth. Popanda MiFi, foni ina ya 4G ingagwire ntchito yomweyo tikatsegula hotspot. Tisanagule simukhadi, tiyambe tayesa pakhomopo kuti tione kampani imene netiweki yake ikugwira bwino.

Rauta tiziyiika pawindo, pamalo okwera, chifukwa khoma la njerwa ndi malata zimafooketsa mphamvu yake. Ngati ili ndi 2.4 GHz ndi 5 GHz, tisankhe 2.4 GHz, popeza imafika patali ndiponso imadutsa makoma bwino. Sipika isatalikirane ndi foni kuposa mamita 10.

Tiwerengetsere tsopano. Wailesi yomveka pa 64 kbps imadya pafupifupi 29 MB pa ola, ndiye kuti 1 GB ingatipatse maola oposa 30. Kanema wooneka bwino pa YouTube angamalize 1 GB yomweyo m'ola limodzi kapena awiri. Choncho pamene pali mwayi wosankha, titenge mawu okha.

Chimene chimamaliza bandulo kawirikawiri si ulalikiwo. Foni ikalumikizidwa ku Wi-Fi imayesa kuti data ndi yaulere, ndipo imayamba yokha kukonzanso ma app ndi kutsitsa makanema a pa WhatsApp. Tizimitse zimenezi pa foni iliyonse ya m'nyumba. Tisinthenso pasiwedi imene inabwera ndi rauta, tiyike ya zilembo zosachepera 8 pa WPA2, kuti asalowepo aliyense wodutsa.

Magetsi a ESCOM akazima, MiFi imapitirira ndi batire yake, koma rauta ya pakhoma imafuna sola kapena batire yapadera. Bandulo tigule Lachisanu, zipangizo titchajiretu dzuwa lisanalowe, ndipo tiwaonetse agogo batani loyatsira kuti Sabata lisawapeze akudikira mdzukulu.