KODI MFUTI IMODZI INAPAMBANA NKHONDO YA STALINGRAD?

M'MISIKA yambiri ya kumidzi masiku ano simusowa kanyumba koonetsera makanema, ndipo amene ali ndi mafoni amakono amaonera ali khale pakhonde. Mwa makanema onse a nkhondo, amene acinyamata amakonda kwambiri ndi aja a msilikali wobisalira adani ndi mfuti yokhala ndi galasi loonera patali. Msilikali wotere amachedwa sinaipa. M'kanema iye saphonya, ndipo akagwetsa mdani wace wamkulu, nkhondo yonse imaoneka ngati yathera pomwepo.

Kanema wochuka wa mtundu umenewu ndi Enemy at the Gates, amene anatuluka m'caka ca 2001, wokonzedwa ndi Jean-Jacques Annaud wa ku France. Iye amasimba za Vasily Zaitsev, msilikali wa dziko la Soviet Union amene anamenya nkhondo mu mzinda wa Stalingrad mu 1942. Popeza munthuyo anakhalakodi, oonera ambiri amayesa kuti zonse za m'kanemayo zinacitika monga momwe aziona. Koma akatswiri a mbiri yakale amene anafufuza makalata a magulu a nkhondo apeza kuti zoona ndi zopeka zinasakanizidwa, ndipo nkhaniyo njofunika kuipeta monga mgaiwa wa madeya.

MZINDA WA PA VOLGA

Stalingrad, umene kuyambira 1961 umachedwa Volgograd, uli m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Volga, kum'mwera kwa dziko la Russia. Mu 1942, pakati pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, Adolf Hitler anafuna kulanda zitsime za mafuta za ku dera la Caucasus, nafunanso kutseka mtsinje wa Volga umene zombo zonyamula mafuta ndi tirigu zinali kuyendamo. Mzindawo unali ndi mafakitale a zida za nkhondo, ndipo unachedwa ndi dzina la Joseph Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union. Cifukwa cace atsogoleri onse awiri sanafune kumva za kubwerera m'mbuyo.

Pa 23 August, 1942, ndege za Ajeremani zinagwetsa mabomba pa mzindawo, nizipha anthu wamba zikwi zambiri. Gulu la nkhondo la nambala 6 la Ajeremani, lotsogozedwa ndi Friedrich Paulus, linalowa mu mzinda umene unali utasanduka mabwinja. Wouteteza anali Vasily Chuikov ndi gulu la nambala 62. Chuikov analamula asilikali ace kukhala pafupi kwambiri ndi adani, kuti ndege za Ajeremani ziziopa kuponya mabomba kuopera kupha anzao. Motero nkhondo inamenyedwa nyumba ndi nyumba, nthawi zina cipinda ndi cipinda. M'mabwinja otere munthu wodziwa kubisala ndi kuombera anali wofunika ndithu.

ZAITSEV WENI-WENI

Zaitsev anabadwa mu 1915 ku mapiri a Ural, kumene anaphunzira ulenje ali mwana potsagana ndi agogo ace ku thengo. Kanema amamuonetsa ngati mbusa wosadziwa bwino kulemba. Koma iye anali wophunzira, ndipo asanapite ku Stalingrad anali kalaliki m'gulu la nkhondo la pamadzi ku nyanja ya Pacific. Anacita kupempha yekha kuti atumizidwe kumene nkhondo inali kutentha, naoloka Volga mu September 1942.

Makalata a Soviet Union amanena kuti kuyambira pa 10 November kufikira pa 17 December, 1942, iye anapha adani 225. Manambala otere ngobvuta kuwatsimikiza, pakuti palibe amene akanaoloka kukawerenga mitembo kumbali ya adani, ndiponso boma linali kufuna ngwazi zoti manyuzipepala azitamanda kuti asilikali alimbe mtima. Ngakhale ziri conco, palibe amene amakana kuti Zaitsev anali katswiri.

Nchito yace yaikulu, imene kanema amaionetsa pang'ono cabe, inali kuphunzitsa ena. Dzina lakuti Zaitsev limacokera ku liu la cinenero ca ku Russia lotanthauza kalulu, ndipo ophunzira ace anachedwa ana a kalulu. Iye anawaphunzitsa kuyenda awiri-awiri, wina woyang'ana ndi wina woombera, kusintha pobisalira akangoombera, ndi kupirira. Mlenje ali yense amene anakhalirapo nyama pa dziwe adziwa kuti nchito yotere njodikira. Sinaipa amagona malo amodzi tsiku lathunthu, pa cisanu, osakhosomola, osasuta fodya, ndipo masiku ambiri amabwerera osaombera ngakhale kamodzi. Akafuna kuombera ayenera kuyesa mtunda ndi mphepo, cifukwa cipolopolo cimatsika pamene cirikupita patali, ndipo mphepo imacikankhira kumbali. Phindu lace kwa akulu a nkhondo linali kuwauza zimene waona, ndi kucititsa mantha adani kuti asamayende momasuka pokatunga madzi kapena popereka cakudya ndi mauthenga.

Mu January 1943 bomba linamubvulaza maso, koma dokotala wochuka Vladimir Filatov anamuciritsa. Nkhondo itatha anakhala ku Kyiv, nagwira nchito m'mafakitale a nsalu, namwalira mu December 1991. Mu 2006 mafupa ace anasamutsidwira ku phiri la Mamayev Kurgan ku Volgograd, kumene anzace ambiri anaikidwa.

MDANI WOSAPEZEKA M'MAKALATA

Mtima wa kanemayo ndi mpikisano wa anthu awiri. Akuti Ajeremani anatumiza Major König, mkulu wa sukulu ya masinaipa, kuti akaphe Zaitsev. Jude Law ndiye amasewera ngati Zaitsev, ndipo Ed Harris ndiye König. Awiriwa amasakana m'mafakitale ogumuka kufikira kumapeto kwa kanema.

Nkhaniyi sinayambe ndi okonza kanema. Zaitsev mwini anaisimba m'buku la moyo wace. Iye anati Mjeremani wina waluso anabisala pansi pa cilata ca citsulo, ndipo patapita masiku owerengeka mnzace Nikolai Kulikov anatukula cisoti cacitsulo kuti amunyenge. Mjeremaniyo anaombera, nadzutsa mutu pang'ono kuti aone ngati walasa, ndipo Zaitsev anamupha. William Craig anaibwereza nkhaniyi m'buku lace la 1973, limene kanema anatengako dzina, koma m'bukumo iri pa masamba ocepa cabe.

Bvuto ndi lakuti m'makalata a asilikali a Germany simunapezeke sinaipa wochedwa Major König, ndipo nkhani zina zimamucha dzina lina lakuti Thorvald. Antony Beevor wa ku Britain, amene analemba buku la mbiri ya nkhondoyi mu 1998 atawerenga makalata osungidwa ku Moscow, ananena kuti m'malipoti a masiku amenewo sanapezemo mpikisanowo, ngakhale kuti malipotiwo anali kutamanda masinaipa kawiri-kawiri. Nkotheka kuti Zaitsev analimbanadi ndi Mjeremani waluso, pakuti makalata a Soviet Union amati mwa anthu amene anawapha munali masinaipa 11. Koma dzina, udindo ndi ulendo wocokera ku Germany zikuoneka kuti zinaonjezedwa pambuyo pace, monga momwe nyati ya mlenje imakulira nkhani ikamasimbidwa pa moto.

MFUTI IMODZI, ANTHU AWIRI

Poyamba pa kanema asilikali atsopano akaoloka mtsinje, mmodzi amalandira mfuti ndipo womutsatira amalandira zipolopolo zokha, nauzidwa kutola mfutiyo mnzace akagwa. Kenaka amathamangitsidwa poyera kukakumana ndi mfuti za ciwaya, ndipo obwerera amaomberedwa ndi anzao omwe.

Pano pali kacidutswa ka coonadi. Pa 28 July, 1942, Stalin anapereka lamulo la nambala 227 loletsa kubwerera m'mbuyo popanda cilolezo, nakhazikitsa magulu oimirira kumbuyo kugwira othawa. Lamulolo linali lankhanza, ndipo asilikali ambiri anaphedwa nalo. Koma makalata amasonyeza kuti oculuka mwa ogwidwawo anabwezedwa ku magulu ao kukamenyanso nkhondo. Kusowa kwa mfuti kunacitikadi m'magulu ena, makamaka mu 1941, koma sinali njira yokhazikika yomenyera nkhondo ku Stalingrad. Mu mzindamo asilikali a Chuikov anali kumenya m'timagulu tating'ono, ndi mabomba a m'manja ndi mfuti zazifupi, kawiri-kawiri usiku. Kanemayo ataonetsedwa, asilikali akale ena a ku Russia anadandaula kuti wanyoza anzao amene anafa, napempha kuti aletsedwe.

CIMENE CINAGONJETSA AJEREMANI

Mutu umodzi susenza denga. Pamene Chuikov ndi asilikali ace anali kugwiritsa kadera kakang'ono m'mbali mwa Volga, akulu a nkhondo a Soviet Union anali kusonkhanitsa mwakabisira asilikali oposa miliyoni imodzi, akasinja ndi mizinga kumpoto ndi kum'mwera kwa mzindawo. Mbali zimenezo zinali kulondedwa makamaka ndi asilikali a Romania, ogwirizana ndi Germany, amene analibe zida zokwanira zoimitsa akasinja. Pa 19 November, 1942, gulu lakumpoto linathyola mpandawo, ndipo tsiku lotsatira lakum'mwera linacita cimodzi-modzi. Pa 23 November magulu awiriwo anakumana pafupi ndi Kalach, ndipo asilikali a Paulus oposa 250,000 anatsekeredwa monga nsomba m'mono.

Hitler anawaletsa kuthyola kuti aturuke, atalonjezedwa kuti ndege zidzawadyetsa. Iwo anafunika matani osacepera 300 a cakudya, mafuta ndi zipolopolo tsiku liri lonse, koma ndege zinali kufikitsa pafupi-fupi matani 100. Nyengo ya cisanu coopsa inafika. Asilikali anadya akavalo ao, ndipo akavalo atatha anayamba kufa ndi njala, matenda ndi kuzizira. Paulus anagonja pa 31 January, 1943, ndipo otsala anagonja pa 2 February. Ogwidwa anali pafupi-fupi 91,000, ndipo mwa iwo amene anabwerera kwao ku Germany sanapose 6,000. Soviet Union nayo inataya asilikali oposa 1,100,000, kuwerengera akufa, osowa, obvulala ndi odwala.

Munthu akaika nambala 225 pambali pa manambala amenewa, aona yekha kukula kwa gawo la Zaitsev. Anali mmodzi wa olimba mtima amene anacedwetsa adani mu mzinda. Koma nkhondoyo inagamulidwa kunja kwa mzinda, ndi akasinja, sitima zapamtunda zonyamula zida, oyendetsa maboti pa Volga, ndiponso njala.

CIZOLOWEZI CA OKONZA MAKANEMA

Zocitika zotere si za kanema mmodzi yekha. American Sniper, amene Clint Eastwood anakonza mu 2014, amasimba za Chris Kyle wa ku United States, amene anapita ku nkhondo ya ku Iraq maulendo anai, ndipo akuti anapha anthu 160. M'kanemayo Kyle ali ndi mdani wace-wace dzina lace Mustafa, amene pomaliza amamupha ali pa mtunda wa mamita pafupi-fupi 1,900. Koma m'buku lace Kyle anachula Mustafa mwacidule, nanena kuti sanamuonepo. Kuombera kwa patali kuja kunalipodi, koma amene analasidwa anali munthu wina. Okonza kanema analumikiza nkhani ziwirizo kuti ngwazi ikhale ndi mdani wa nkhope yodziwika.

Cifukwa cace nkosabvuta kucimvetsa. Kanema amakhala wa maola awiri, ndipo mtima wa woonera sungatsate anthu miliyoni. Umatsata munthu mmodzi, mdani wace, ndi mkazi amene amamukonda. Sinaipa ndiye woyenera nchitoyi kuposa asilikali onse, popeza ndiye amaona nkhope ya munthu amene afuna kumupha, ndipo galasi la mfuti yace limafanana ndi diso la kamera. Kunena zoona, pa nkhondo zazikulu ziwiri za dziko lonse asilikali oculuka anaphedwa ndi mizinga ndi mabomba oponyedwa ndi anthu amene sanawaone nkomwe. Imfa yotere siikoma kuionetsa, ndipo siigulitsa matikiti.

Coopsa cace nchakuti mwana wokula ndi makanema otere amayesa nkhondo ndi masewera a luso, m'mene wocenjera amapulumuka. Amaiwalanso unyinji wa anthu amene kamera siiwafika. Ena mwa iwo anacokera m'midzi ya dziko lino. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenyana ndi asilikali a Italy ku Tug Argan, m'dziko la Somaliland, mu August 1940, ndipo pambuyo pace anamenyana ndi asilikali a Japan m'nkhalango za Burma. Maina a malo a nkhondo imeneyo ali pa misasa ya asilikali a Zambia, monga Tug Argan ku Ndola, Arakan ku Lusaka, Chindwin ku Kabwe, ndi Gondar ku Chipata, dzina la mzinda wa ku Ethiopia kumene asilikali a Italy anagonjera mu November 1941. Ambiri a acinyamata amene amadziwa dzina la Zaitsev sadziwa kumene maina amenewa anacokera.

Palibe coipa kuonera kanema wa nkhondo, ndipo Enemy at the Gates wathandiza anthu ambiri kumva za Stalingrad kwa nthawi yoyamba. Cofunika ncakuti makolo ndi aphunzitsi aziwafunsa ana kuti nkhondoyo inacitika liti, inayamba cifukwa ninji, ndipo ndani anafa. M'mabanja ena muli akulu-akulu amene anamva nkhani za ku Burma kucokera pakamwa pa atate ao, ndipo m'masutikesi ena mukali mamendulo ndi makalata a nthawi imeneyo. Zimenezi nzoyenera kuzifunsa ndi kuzilemba eni nkhani akali ndi moyo.