Madzi a pa Dziwe la Nkhalamba amachokera kuti m'chilimwe?

Ntchito yanga ndi yofufuza za miyala ndi madzi a pansi pa nthaka. Funso limene anthu amakonda kundifunsa ku Mulanje ndi ili: mvula inaleka mu Epulo, nanga madzi akugwa pa Dziwe la Nkhalamba mu Okutobala akuchokera kuti? Ena amati pamwamba pa phiri la Mulanje pali nyanja yobisika. Nyanja kulibe.

Tiyambe ndi thanthwe la phirilo. Zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, chiphalaphala chotentha chinakwera kuchokera pansi koma sichinatulukire kunja. Chinazizira pang'onopang'ono m'kati mwa nthaka n'kusanduka miyala yolimba kwambiri, monga mwala umene timautcha syenite. Miyala yofewa ya m'mbali inakokoloka, yolimbayo n'kutsala chiimire, nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Mtsinje wa Likhubula ukafika pamene thanthwe lakana kukumbika, umangodumpha. Mathithi ndi amenewo.

Dziwe la m'munsimo silinakumbidwe ndi madzi okha. M'dzinja mtsinje umanyamula mchenga ndi timiyala, zimene zimazungulira pamalo amodzi n'kumapera thanthwe chaka ndi chaka. N'chifukwa chake pogwera madzi m'pakuya, ndipo madzi ake amakokera pansi. Osambira, musamayandikire pamenepo.

Tsono madzi a m'chilimwe aja. Mvula ikagwa pamwamba, imalowa m'dothi lakuda la pansi pa udzu, m'nkhalango za m'zigwembe ndi m'ming'alu ya thanthwe. Dothilo limasunga madzi ngati chinkhupule, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono miyezi yonse yadzuwa. Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimawonjezerapo: nkhungu imakodwa m'masamba ndi m'ndere zolendewera pa mikungudza, madontho n'kumagwera pansi ngakhale mvula isanagwe.

Apa ndiye pagona nkhawa yanga. Moto wa alenje ukapsereza udzu, ocheka matabwa ndi owotcha makala n'kumaliza mitengo, dothi limatsala lamaliseche. Mvula imathamanga tsiku limodzi, matope okhaokha, kenaka mtsinje umaphwa msanga. Pamalo otsetsereka, dothi lotere silichedwa kugumuka pa mvula ngati ya namondwe Freddy wa mu Malichi 2023.

Madzi a Likhubula amafika m'mipopi ya ku Blantyre, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Amene tikufuna mathithi a mu Okutobala, tizimitse moto wa pamwamba pa phiri.