Kakomedwe ka ndudu ya siga kamayambira m'munda: zimene alimi a ku Nayuchi ayenera kudziwa

Mawu oyamba

Ndudu imodzi ya siga yapamwamba, yolemera magalamu 10 mpaka 15, imagulidwa ku Ulaya ndi ku America pa mtengo woposa umene mlimi wa kuno amalandira pa kilogalamu yonse ya fodya wa bale kumsika wa Limbe. Ku Maputo kuli kampani ya Bongani ndipo ku Harare kuli ya Mosi-oa-Tunya, zonse zopanga nduduzi pamanja. N'chifukwa chake mlimi wa ku Nayuchi, amene amaona sitima zikudutsa pakhomo pake panjanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka kupita kudoko la Nacala, angafunse ngati tsamba lake lingalowe msika umenewu. Nkhani ino ikufotokoza zimene wosuta amalipirira ndalama zambiri chotere, ndiponso mmene dothi, feteleza, kaumitsidwe ndi kavundikidwe zimapangira kapena kuonongera kakomedweko.

1. Zimene wosuta amafuna

Siga ndi fodya yekhayekha, wopanda pepala. Ili ndi zigawo zitatu: masamba a mkati, tsamba lomangira, ndi tsamba lokutira kunja. Wosuta sameza utsi wake. Amausunga pang'ono m'kamwa n'kuutulutsa, chifukwa chikonga cha mu utsi wa mtundu uwu chimalowa m'thupi kudzera m'kamwa momwemo. Ndudu imodzi imatha mphindi 30 mpaka ola lathunthu kapena kupitirira.

Akatswiri olawa amayang'ana zinthu zinayi. Choyamba ndi kayakidwe: moto uziyenda mofanana mbali zonse osazimazima. Chachiwiri ndi phulusa: likhale lotuwa kapena loyererako, logwirana. Chachitatu ndi fungo ndi kakomedwe, zimene amaziyerekeza ndi khofi, koko, mtengo wa mkungudza, dothi lonyowa kapena tsabola. Chachinayi ndi mphamvu: fodya amveke, koma asakande pakhosi kapena kusiya kuwawa palilime. Popanga siga yapamwamba sathiramo zonunkhiritsa. Zonsezi ziyenera kuchokera m'tsamba lenilenilo.

2. Malo a tsamba pa mtengo

Opanga siga a ku Cuba, Nicaragua ndi Dominican Republic amagawa masamba a mkati patatu. A m'munsi, otchedwa volado, ndi opyapyala, alibe mphamvu koma amayaka bwino. A pakati, otchedwa seco, ndiwo amapereka fungo. A kumtunda, otchedwa ligero, ndi okhuthala, a chikonga chambiri, ndipo amayaka mochedwa. Wopota ndudu amaika ligero pakatikati n'kuzunguliza enawo kuti moto usayende mbali imodzi.

Sayansi yake ndi imene alimi athu amaidziwa kale posankha fodya. Chikonga chimapangidwa m'mizu n'kukwera kumasamba, ndipo mukadula nsonga chimachuluka m'masamba a kumtunda. Choncho belo losakaniza masamba a m'munsi ndi a kumtunda n'lopanda ntchito kwa wopanga siga, ngakhale tsamba lililonse palokha litakhala labwino.

Tsamba lokutira ndilo lokwera mtengo kuposa onse. Liyenera kukhala lopyapyala, lotanuka, la mitsempha yaing'ono, lopanda bala kapena banga. Ku Connecticut ndi ku Cuba amalilima pansi pa nsalu zotchinga dzuwa. Muno mu Africa tsamba lokutira lotchuka ndi la ku Cameroon.

3. Potaziyamu ndi kolorayidi

Apa ndi pamene dera la Nayuchi liyenera kusamala kwambiri. Potaziyamu amathandiza tsamba kusunga moto, pamene kolorayidi, amene amapezeka mu mchere, amalepheretsa. Kolorayidi akaposa 1 peresenti ya tsamba louma, fodya amayamba kuzimazima, amakoka chinyontho, phulusa limada, ndipo utsi umanunkha moipa. Tsamba lotere palibe njira yolikonzera m'chigafa kapena pa mulu.

Nayuchi ili pamchenga wolekanitsa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, motero mchere umatsalira m'madzi ake ndi m'madambo ena oyandikana nayo, ndipo zitsime ndi mijigo ina m'chigwachi imatuluka madzi a mchere. Dothi lakuda la makande limene limalowa madzi m'dzinja n'loyenera mpunga, osati fodya. Fodya amafuna dothi la mchenga wosakanikirana ndi katondo, losadikha madzi. Koma dothi la mchenga limataya potaziyamu ndi maginiziyamu msanga mvula ikachuluka, ndipo maginiziyamu ndi amene amathandiza kuti phulusa liyere.

Feteleza nayenso angabweretse mchere. Wa muriate of potash, kapena kuti MOP, pafupifupi theka lake ndi kolorayidi. Pa fodya pamafunika potaziyamu wa sulphate of potash. N'chifukwa chake alimi akulimbikitsidwa kugwiritsa ntchito feteleza wopangidwira fodya monga Super D pokulitsa ndi CAN pobereketsa, osati wina aliyense wopezeka pamsika. Nayitirojeni akachuluka kapena akathiridwa mochedwa, tsamba limachedwa kukhwima, limakhuthala, ndipo utsi wake umakanda pakhosi.

4. Kuumitsa

Masamba a siga zambiri amaumitsidwa ndi mphepo m'chigafa monga wa bale, kwa masiku pafupifupi 45 mpaka 60. Pa masiku oyambirira tsamba limakhala likadali lamoyo. Kubiriwira kumatha, shuga wambiri amagwiritsidwa ntchito ndi tsambalo, ndipo tinthu timene timapatsa tsamba mtundu wachikasu timasweka n'kusanduka mafuta onunkhira. Fodya wa kampopi amasiyana pamenepa, chifukwa kutentha kwa m'balani kumaimitsa ntchitoyi msanga ndipo shuga amatsalira.

Vuto la madera otentha ngati Balaka ndi Nayuchi ndi lakuti mvula ikaleka mpweya umauma mwachangu. Tsamba likauma lisanasinthe mtundu, limakhala lobiriwira mpaka kalekale ndipo limawawa. Chigafa cha denga lochindikala la udzu, chotchinga m'mbali masana ndi kutsegula usiku, chimachepetsa vutoli. Chinyontho chikachuluka, makamaka mikangala ikathithikana, tsamba limaola kapena kuchita nkhungu.

5. Kuvundika

Ili ndi gawo limene limasiyanitsa tsamba la siga ndi fodya wamba. Masamba ouma amanyowetsedwa pang'ono n'kusanjikizidwa pa milu ikuluikulu. Mkati mwa mulu mumatentha mokha mpaka madigiri 40 kapena kupitirira. Kutentha kukafika pa mlingo wofunika, mulu umaphwasulidwa, masamba a mkati amapita kunja, a kunja amalowa mkati. Izi zimabwerezedwa kwa milungu kapena miyezi. Amoniya amatuluka, chikonga chimatsikako, mtundu umafanana, ndipo ukali umachepa. Kenako fodya amasungidwa m'mabelo, ligero mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Ndudu yomalizidwa imasungidwa pa chinyontho cha pafupifupi 70 peresenti.

Tanthauzo lake pa chuma n'lakuti gawo lalikulu la mtengo wa siga limapangidwa fodya atachoka kale m'manja mwa mlimi, ndipo ndalama zake zimagona zaka zingapo zisanabwerere.

6. Nanga fodya wa chikopa?

Chigawo cha kummwera chili ndi mbiri yaitali ya fodya. Woyamba kutumizidwa kunja kuchokera m'dziko muno anapita mu 1893, ndipo fodya wa chikopa wakhala akulimidwa kuno kwa zaka zambiri. Fungo lake lamphamvu limachokera ku utsi wa nkhuni zofukizira. Amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa fodya wa kaliwo, wotafuna ndi wofwenkha, koma siga za Toscano za ku Italy zimapangidwanso ndi fodya wofukiza wa mtundu wa Kentucky. Mwa mitundu imene tili nayo, chikopa ndicho chili pafupi ndi msika wa fungo. Vuto lake ndi nkhuni, zimene zikusowa kale m'maboma a Machinga ndi Balaka.

7. Malangizo

Musalime mbewu ya siga popanda wogula amene mwasainirana naye. Lamulo la Tobacco Industry Act limafuna kuti mlimi aliyense alembetse ku Tobacco Commission ndi kulima molingana ndi mlingo umene wapatsidwa.

Yezetsani dothi ndi madzi othirira musanasankhe munda kapena malo a nazale. Za mbewu ndi feteleza funsani alangizi a ARET.

Yesani kayakidwe nokha. Dulani kachidutswa ka tsamba louma, kakhudzitseni ku khala la moto, muwerenge masekondi amene kakunyeka kopanda lawi. Yerekezani masamba a malo ofanana pa mtengo ochokera m'minda yosiyana. Munda umene tsamba lake likuzima msanga uyenera kuyezedwa mchere.

Thyolani masamba okhwima okha, ndipo a m'munsi, a pakati ndi a kumtunda akhale m'mindindi yosiyana. Musathyole fodya wonyowa ndi mame popanda zodzitetezera, chifukwa chikonga chimalowa pakhungu n'kuyambitsa chizungulire ndi kusanza. Ana asagwire ntchitoyi.

Pomaliza, kukwera mtengo kwa siga sikuchepetsa kuopsa kwake. Utsi wake umayambitsa khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya kummero ngakhale kwa amene saumeza. Dziko la Malawi linavomereza pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, choncho mlimi asasiye mpunga, nandolo kapena mtedza chifukwa cha msika waung'onowu. Koma mfundo zitatu izi, dothi lopanda mchere, feteleza woyenera ndi kuumitsa modekha, zimakweza giledi ya bale ndi chikopa chimene mukulima kale.