Womasulira wobisika m'foni ya mlangizi

Mwana akayamba kubanika usiku ku Hewe kapena ku Tcharo m'boma la Rumphi, dokotala amakhala kutali. Amene ali pafupi ndi mlangizi wa zaumoyo wa pakiliniki ya kumudzi. Iyeyo ndiye amagamula ngati mwanayo alandire mankhwala pomwepo kapena makolo athamange naye kuchipatala chachikulu.

Chigamulocho chimadalira kwambiri kuwerenga kapumidwe ka mwana. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kupitirira pamphindi imodzi, ndiye kuti mwina ali ndi chibayo. Kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, malire ake ndi ka 40. Koma kuwerenga n'kovuta mwana akulira, diso lina lili pachifuwa, lina pawotchi.

Mu 2016 ndi 2017, alangizi a m'makiliniki oposa 100 a m'maboma a Rumphi ndi Nkhata Bay adayesa kugwira ntchitoyi mothandizidwa ndi foni. Uku kudali kafukufuku wotchedwa Supporting LIFE, amene adachitika ndi ndalama zochokera ku European Union. Ena mwa omwe adagwirana manja pantchitoyi ndi sukulu yaukachenjede ya Mzuzu, ya University College Cork ya ku Ireland ndi bungwe la Luke International.

Pulogalamu ya m'foniyo inkamuyendetsa mlangizi pafunso lililonse, ndipo iye ankagunda pagalasi la foni nthawi iliyonse imene mwana wapuma. Ana pafupifupi 7 000 adaonedwa. Zotsatira zimene zidatuluka mu 2021 zidasonyeza kuti alangizi akagwiritsa ntchito foni ankatumiza ana ambiri kuchipatala mwachangu kusiyana ndi pomwe ankadalira mapepala okha.

Pulogalamu imeneyo idali ya mafoni a Android. Masiku ano akatswiri ambiri amafuna kulemba pulogalamu kamodzi kokha, n'kumagwira pa Android ndi pa iPhone pomwe. Amagwiritsa ntchito zida monga React Native, imene kampani ya Facebook idatulutsa mu 2015, kapena Flutter ya Google, yomwe idakhazikika mu 2018. Njirayi imapulumutsa nthawi ndi ndalama.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pulogalamu yolembedwa motere payokha siyankhula ndi kamera, Bluetooth kapena ziwalo zina za foni, chifukwa foni iliyonse ili ndi chiyankhulo chake. Android imamva Kotlin ndi Java, pomwe iPhone imamva Swift.

Apa m'pamene pamalowa kapulogalamu kakang'ono kotchedwa plugin. Ntchito yake ndi ngati ya womasulira pamsonkhano wa ku Bolero, pamene mlendo akuyankhula Chichewa koma anthu akumva Chitumbuka. Pulogalamu ikati ikufuna chithunzi, plugin imapereka uthengawo kwa foni m'chiyankhulo chake, kenako n'kubweza yankho. Womasulira akapotoza mawu, msonkhano wonse wasokonekera ngakhale mlendoyo adayankhula bwino.

Ma plugin ambiri alipo kale, ndipo ndi aulere pa intaneti. Vuto limadza pamene chosowacho n'chachilendo kwa omwe adawalemba. Mwachitsanzo, ngati mlangizi ali ndi kachipangizo kopanira pachala koyezera mpweya m'magazi, kamene kamatumiza manambala kudzera pa Bluetooth, mwina palibe plugin yokamva. Zikatero katswiri amalemba yekha, mbali ina ya Android, ina ya iPhone.

Mafoniwa amasiyananso malamulo. Kumene intaneti imavuta, pulogalamu ikhoza kutumiza lipoti pa SMS, koma iPhone silola uthenga kutuluka mwiniwake asadadine yekha. Kuyambira mu 2015, nayo Android imafuna kuti pulogalamu ipemphe kaye chilolezo kwa mwini foni isadatsekule kamera. Mafoni ena amazimitsa okha mapulogalamu pofuna kusunga batire. Plugin ikapanda kukonzekera zonsezi, lipoti la mwana likhoza kusowa wina osadziwa.

Ntchitoyi sithera tsiku lokhazikitsa pulogalamu. Android yatsopano imatuluka chaka ndi chaka, ndipo plugin yosiyidwa osaikonza imadzaleka kugwira ntchito. Zitukuko zoyendera ndalama za mabungwe akunja zimakhala ndi tsiku lotseka, koma kiliniki ya kumudzi imatsekulabe mawa lake.

N'chifukwa chake lusoli likufunika kwa achinyamata a konkuno, monga amene akuphunzira za kompyuta ku Mzuzu. Wodziwa kumene netiweki imathera pamsewu wa ku Hewe, ndi mafoni amene anthu amagula pa Rumphi Boma, ndiye angayese plugin yake pamalo enieni asadaipereke m'manja mwa mlangizi amene akuwerenga kapumidwe ka mwana.