Msonkho wa Shuga ku Britain ndi Mlandu wa Kunenepa

Pa 16 March 2016 Nduna ya Zachuma ya dziko la Britain, Bambo George Osborne, inaima m'Nyumba ya Malamulo ku London ndi kulengeza kuti Boma lidzayamba kukhometsa msonkho pa zakumwa za m'mabotolo zokhala ndi shuga wambiri. Ambiri anazizwa, pakuti Bambo Osborne anali a chipani cha Conservative, chimene kuyambira kale chimaphunzitsa kuti munthu wamkulu adzisankhire yekha chimene adye ndi chimene amwe, ndipo akanenepa mlandu ngwake. Otsutsa anati Boma ladziyesa mlezi wa anthu a ndebvu zao. Nkhani imeneyi iyenera kulingaliridwa bwino ndi akalaliki, aphunzitsi ndi onse ogwira nchito za Boma kuno ku Malawi, chifukwa bvuto limene linabala msonkhowo lafika kale m'makomo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Msonkhowo anaukonza mochenjera. Wolipira sanali munthu wogula m'sitolo ai, koma kampani yopanga chakumwacho. Chakumwa chokhala ndi shuga wosakwana magalamu 5 pa mamililita 100 sichinalipire kanthu; cha magalamu 5 kulekeza pa 8 chinalipira mapeni 18 pa lita; cha magalamu 8 kapena kuposerapo chinalipira mapeni 24. Tsono Boma linapatsa makampani zaka ziwiri zathunthu, kufikira April 2018, kuti asankhe okha pakati pa kuchepetsa shuga ndi kulipira.

Ambiri anasankha kuchepetsa. Opanga Lucozade ndi Ribena anatero msonkho usanayambe nkomwe. Opanga Irn-Bru, chakumwa chimene anthu a ku Scotland amachinyadira, anatsitsa shuga wake kuchoka pa magalamu 10 kufika pansi pa 5, ngakhale okonda chakumwacho anadandaula kwambiri, ena mpaka kugula chakalecho chambiri ndi kuchisunga m'nyumba. A Coca-Cola anakana kusintha chakumwa chao chodziwika chija, nasankha kulipira. Poyamba Boma linayembekeza kutolera mapaundi 520 miliyoni pa chaka, koma pofika 2018 chiyembekezocho chinali chitatsika kufika pa 240 miliyoni. Ndi msonkho wachilendo ndithu, umene mwini wake amakondwa ukabweretsa zochepa.

KUPEMPHA NDI KULAMULA

Chimene chipatsa nkhaniyi mphamvu nchakuti pa nthawi yomweyo Boma lomwelo linayesa njira ina pa zakudya. Linapempha opanga mabisiketi, makeke, chokoleti ndi zina zotere kuti mwa kufuna kwao achepetse shuga ndi magawo 20 mwa 100 pofika 2020, ndipo panalibe chilango kwa wokana. Bungwe la Public Health England litawerenga zotsatira linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2019 shuga wa m'zakumwa za msonkho anatsika ndi magawo pafupi-fupi 44 mwa 100, pamene wa m'zakudya zongopemphedwa zija anatsika ndi magawo 3 okha. Dziko linali limodzi, ogula anali omwewo, ndipo palibe umboni wakuti mitima yao inalimba pa zakumwa ndi kufooka pa mabisiketi. Chinasintha ndi chimene chinali m'botolo.

Mu 2023 akatswiri a ku yunivesite ya Cambridge anafalitsa zimene anapeza pa ana a sukulu a ku England. Mwa atsikana a zaka 10 ndi 11 kunenepa kopitirira muyeso kunachepa ndi magawo 8 mwa 100 poyerekeza ndi mmene kukanakhalira popanda msonkho, ndiko kuti atsikana oposa 5,000 pa chaka, ndipo kusintha kwakukulu kunaoneka m'madera a anthu osauka. Mwa anyamata a msinkhu womwewo sanapeze kusintha. Ndipo msonkhowo sunathetse bvuto lonse, pakuti mu 2021 munthu wamkulu mmodzi mwa anai alionse ku England anali wonenepa kopitirira muyeso.

Chifukwa chimene anayambira pa zakumwa nchosabvuta kumva. Chitini cha Coca-Cola cha mamililita 330 cha ku Britain chiri ndi shuga wokwana magalamu 35, ndiwo masupuni ang'ono pafupi-fupi 9. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni 12 pa tsiku, ndipo nkwabwino koposa akalekeza pa 6. Munthu akadya mbatata kapena chinangwa amakhuta naleka, koma shuga wakumwa sakhutitsa, kotero kuti womwayo amakadyabe nsima yake yonse monga ngati sanalawe kanthu.

KUNO KWATHU

Dziko la South Africa linayamba msonkho wonga womwewu m'mwezi womwewo wa April 2018. Kuno ku Malawi bvuto liri ndi nkhope ziwiri. Kafuku-fuku wa Boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa mu 2015 ndi 2016 anaonetsa kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira, komanso kuti akazi 21 mwa 100 a zaka 15 kufikira 49 anali olemera kuposa muyeso woyenera. Kafuku-fuku wina, wochitika ku Karonga ndi ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe ndi kufalitsidwa mu 2018, anapeza kuti mwa akazi a m'tauni chiwerengerocho chinafika pa 44 mwa 100. Kumbuyo kwa manambalawa kuli matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, matenda osachiritsika msanga, odya ndalama za banja ndi za chipatala chomwe kwa zaka zambiri.

Amene afulumira kunena kuti wonenepa ngwosadziletsa aiwala mmene anthu amaonera thupi kuno. Mwamuna akalowa nchito ya mu ofesi, abale kumudzi amayang'ana mimba yake kuti adziwe ngati zinthu zikuyenda. Mkazi akanenepa m'banja, amayamikidwa ndi mwamuna wake kuti akusunga bwino. Ndipo m'zaka zija Edzi inali kupulula anthu mankhwala asanafale, munthu woonda ankalozedwa chala, mpaka matendawo anatchedwa kaliwondewonde. Munthu wofuna kuchepetsa thupi alimbana ndi njala yake, alimbananso ndi malirime a anzake.

Komabe wotengera nzeru za ku London osaziyesa adzakhumudwa. Shuga wambiri wa m'nyumba za kuno salowa m'botolo. Amachoka m'paketi kupita m'kapu ya tiyi, m'phala ndi m'thobwa, ndipo wogwira supuni ndi mwini nyumba. Msonkho wa Bambo Osborne sukanaona masupuni anai a m'kapu ya kalaliki pa 10 koloko, kapena mandasi ndi chipisi cha pa chiwaya chimene amadya masana. Pamenepa mlandu ubwerera kwa munthu mwini, ndipo palibe Nduna ingamuimire. Nzoona kuti mu 2012 shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa anayamba kuthiridwa vitamini A kuti ana apindule, ndipo inali nchito yabwino. Koma vitaminiyo sasandutsa supuni yachinai kukhala mankhwala.

Pakati pa Nduna ndi supuni pali anthu ena amene ali ndi mphamvu yonga ya msonkho uja, ngakhale sadziwa. Mkulu wa ofesi amene amasaina ndalama za zakumwa za pa msonkhano ndiye amasankha ngati pa tebulo padzakhala makireti a zotsekemera kapena madzi, nthochi ndi mtedza, ndipo obwera pa msonkhano amadya chimene apeza. Mphunzitsi wamkulu ndiye amaloleza zogulitsidwa pa chipata cha sukulu, ndiponso ndiye amasankha ngati nthawi ya masewero idzasungidwa kapena idzapatsidwa kwa masamu mayeso a Sitandade 8 akayandikira.