ZOSAKANIZA M'ZAKUDYA ZA NSOMBA ZA M'MAIWE

Alimi ambiri oweta nsomba alikufunsa za ufa wogulitsidwa m'timapaketi wochedwa probiotic, umene ogulitsa amati ukulitsa nsomba msanga. Nkwabwino kuti mlimi adziwe cimene alikugula asanatulutse ndalama zace.

M'matumbo a nsomba, monganso m'matumbo a munthu, muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Tina tidwalitsa, tina tithandiza kugaya cakudya. Ufa uja ndiwo tizilombo tabwinoto tamoyo, monga Bacillus ndi Lactobacillus, kapena yisiti wonga wotupitsira buledi. Tikacuruka m'matumbo, toipa tisowa malo, ndipo nsomba ipeza mphamvu yambiri m'cakudya comweco. Koma popeza ndi tamoyo, tambiri tifa ndi kutentha. Paketi yokhalitsa padzuwa pamsika njokayikitsa. Sungani ufawo pamthunzi pouma, ndipo musauthire m'gaga wotentha.

Zitsamba zina zithandizanso, ndipo sizifuna ndalama zambiri. Akatswiri anayesa adyo wouma wosinja, magalamu 10 m'kilogalamu imodzi ya cakudya, napeza kuti nsomba zikula bwinopo ndi kulimba ku matenda. Masamba a cam'mwamba ouma ali ndi zomanga thupi zambiri, komatu asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a cakudya conse. Akacuruka nsomba zileka kudya bwino, nizikula mocedwa. Tisaganize kuti tsamba liri lonse ndi mankhwala. Ombwe, umene makolo anali kuphera nsomba m'mitsinje, ungathe kupha dziwe lonse tsiku limodzi.

Cimene ogulitsa sanena ndi ici: zosakanizazi siziri cakudya. Nsomba ya njala siingakule ndi adyo. Yambani mwathira manyowa a nkhuku kapena a ng'ombe kufikira madzi abiriwira, ndipo tsiku ndi tsiku patsani cakudya colemera ngati makilogalamu 3 pa nsomba zolemera makilogalamu 100. M'miyezi ya June ndi July madzi azizira, nsomba sizidya kwambiri. Kuthira zodula nthawi imeneyo nkuononga cuma cabe.

Amene ali ndi maiwe awiri ayese yekha. Aike ana a nsomba ofanana kucuruka m'maiwe onsewo, asakanize mankhwala m'cakudya ca dziwe limodzi lokha, ndipo pokolola ayeze nsomba za dziwe liri lonse pasikelo. Phindu likapanda kupambana mtengo wa paketi, asagulenso. Mlangizi wa za nsomba wa m'boma lanu angakuthandizeni kuwerengera.